Khoma Lopanda Simenti

Lajabu anali atagwetsa kale miyala isanu ndi iwiri pamene anaima, n'kuyamba kusuzumira m'phako limene anasiya pakhomapo.

"Mwatopa kale, Che Lajabu?" anafunsa Masautso, mnzake amene anabwera ndi kalole kake kokalamba n'kukasiya m'tsinde mwa phiri. "Kapena mwapezamo njoka?"

Lajabu anapitiriza kusuzumira m'phakomo. Anali mmisiri womanga nyumba, zaka makumi atatu ali pa ntchitoyo. Tsikulo anakwera kaphiri ka kuseri kwa Malosa kukatola miyala ya maziko a nyumba ya mlongo wake Warda. Nyumba ya Warda inagwa ndi mvula ya mkuntho, ndipo kuyambira pamenepo mayiyo ankagona m'khitchini ndi ana ake atatu. Mwezi wa Okutobala unali kutha. Masana alionse mitambo inkaunjikana pamwamba pa phiri la Zomba.

Moto wa osaka mbewa ndi umene unaulula malowo. Unapsereza tchire lonse la minga lomwe munthu sankalowamo, n'kusiya poyera mpanda wa miyala wozungulira nsonga ya phiri, pena wolekeza m'chiuno, pena m'chifuwa. Miyala yake inali yafulati, yosanjidwa kale, yongofunika kunyamula.

"Masautso, tabwera uone. Dothi lili kuti apa? Simenti ili kuti?"

"Ndiye ubwino wakewo. Sitivutika n'kugumula."

"Ayi, taona. Mwala wautaliwu wadutsa khoma lonse, wagwira mbali iyi ndi iyo. Timiyala iti takhomedwa ngati mano. Pansipa anasiya kabowo koti madzi azitulukira, n'kukavundikira bwinobwino. Khomali latsamira pang'ono m'kati, ndipo latsamira mofanana kuzungulira konse. Analibe ngakhale levulo yoyezera khoma munthu ameneyu."

"Munthu wake uti? Fodya wako ndi amene ali pamphuno, achimwene. Mvula siidikira kuti mumalize kusirira."

Lajabu ananyamula mwala umodzi n'kuubwezera pamalo pake. Anaika wachiwiri, wachitatu. Atafika wachisanu, yonse inagumuka n'kutsala pang'ono kumuphwanya chala. Anayesanso, ikugwa. Kachitatu anachita modekha, akuitembenuza uku ndi uku, koma khoma linakana.

Masautso anaseka mpaka kukhala pansi. "Mmisiri wa nyumba zosanjikizana wa ku Chikamveka! Wagonja ndi miyala isanu ndi iwiri!"

"Ndagonjadi," anatero Lajabu motsitsa mawu, ndipo kuseka kwa Masautso kunazirala.

Anazungulira mpandawo mpaka anapeza polowera, kampata koti munthu mmodzi yekha adutse, cham'mbali. Atalowa anaima chilili. Chigwa chonse chinali pansi pa mapazi awo: minda, tinjira, msewu wa ku Liwonde, ndi nyanja ya Chilwa ikung'anima kutali. Munthu aliyense wobwera kuchokera kulikonse akanaonekera ali kutali. Pa phulusa panali mbwee mapale a miphika okhala ndi timizere.

Lajabu anajambula zithunzi pafoni n'kutumiza kwa Mayi Norah, mphunzitsi wa mbiri yakale ku yunivesite ya ku Chirunga, amene iye anawamangirapo mpanda wa nyumba. Lole inabwerera yopanda kanthu.

Warda atamva, anamanga chitenje mwamphamvu. "Ndiye mukuti ana anga anyowenso chaka chino chifukwa cha mpanda wa anthu akufa? Mawa ndikwera nawo, ndikaone chimene chakulodzani."

M'mawa mwake anakwera anayi. Mayi Norah anafika pamwamba akupuma wefuwefu, koma ataona khomalo anavula chipewa. Anayenda nalo pang'onopang'ono osaligwira.

"Ili ndi linga," anatero. "Anthu ankathawira muno nkhondo ikabwera, ndi ana, ndi mbewu zawo. Zaka zake sindinganene lero. Koma mapale awa akuoneka kuti ndi akale kwambiri, a nthawi imene kuno kunalibe wolemba chilichonse. Zimene tingadziwe za anthuwa zili m'miyalamu basi."

"Ndinagwetsapo isanu ndi iwiri, mayi," anaulula Lajabu. "Ndayesa kubwezera, yakana."

"Isiyeni pomwe yagonapo. Madzi akatayika saoleka. Mungondionetsa pamene uliwonse unali, tilembe. Ndikadziwitsa a ofesi yosamalira zinthu zakale kuti malo ano atetezedwe. Koma makalata amayenda pang'onopang'ono, ndipo ine sindingagone pano kulondera. Lole imodzi ikangochoka kuno yodzaza, pomatha mwezi pano padzakhala poyera."

Onse anayang'ana kwa Warda, koma iye sanali kumvetsera. Anali atagwada m'kati mwa mpanda, pambali pa mwala waukulu wokumbika pakati ngati mbale. Inali mphero. Pambali pake panagona kamwala kopelera, kosalala ngati dzira. Warda anayang'ana kwa Mayi Norah, ndipo iwo anagwedeza mutu kuvomera. Warda anakanyamula ndi dzanja lamanja, kenaka anakasinthira kumanzere. Zala zake zinalowa ndendende m'malo operepeseka.

"Anali wamanzere," anatero chapansipansi. "Ngati ine."

Mphepo inkaulutsa phulusa.

"Mwala kuti ukumbike chonchi, ndi zaka zingati munthu akupera?" Warda anafunsa. "Ndipo madzi ankawatunga kuti? Ankakwera nawo phiri lonseli, mwana ali kumbuyo, adani ali m'munsimo?"

"Ndi mmene zikuonekera," anayankha Mayi Norah.

Warda anabwezera kamwalako pamalo penipeni pamene anakapeza, n'kupukuta manja pachitenje.

"Achimwene, ku mtsinje miyala iliko?"

"Iliko, koma ndi yobulungira, yofuna kuswa ndi hamala. Ndi masabata atatu, mwina anayi. Mvula ikhoza kutipeza tisanafolere."

"Ikatipeza, itipeze. Sindingagone tulo pamwamba pa khoma la mayi ameneyu." Anatembenukira kwa Masautso. "Inu a lole, pakamwa panu ndimapadziwa. Mukakangoyamba kulengeza kumsika kuti kuno kuli miyala yaulere, mudzandiona."

"Ine? Ndaona chiyani ine? Ndaona phulusa basi."

Warda anayamba kutsika yekha. Pakampata paja anapendeka thupi, n'kudutsa mosamala kuti phewa lake lisakhudze mwala ndi umodzi womwe.