Mabulosi Aphuka Msanga

Moni owerenga, tithokoze Mulungu potipatsa mpweya.

Barkat amasesa misewu ya mumzinda wa Islamabad. Mkazi wake Parveen amadwala mphumu, choncho chaka chilichonse amatsatira kalendala, n'kumutumiza kumudzi mu Malichi, mitengo ya mabulosi isanamwaze mungu umene umamubanikitsa. Chaka chino kunafunda msanga. Febuluwale asanathe, tsache lake linakokola maluwa a mabulosi. Anathamangira kunyumba.

Anapeza Parveen atatsamira khoma, chifuwa chikulira ngati mluzu.

"Amake Sana, nyamukani, tikakwere basi."

"Kalendala yanu ija yakunamizani?" anamuseka Parveen, mawu akuduka.

Barkat anamuphimba mphuno ndi nsalu yonyowa, namubereka akunong'ona salimo. Msewu wonse wopita kokwerera basi unali wa mitengo yomweyo, koma anafika Parveen akupumabe.

Ambuye akusungireni mpweya wanu.