Mabotolo a Ba Killian

Amos anakokera thumba kuseri kwa nyumba, mabotolo akugundana ngati akufuna kumuulula. Kutsogolo amayi a mpingo anali atayamba nyimbo za maliro. Bambo ake, Ba Killian, anamwalira dzulo lake m'kanyumba kawo ka ku Kabwata.

Mabotolowo anawapeza pansi pa bedi. Anali a mowa okhaokha, ena ali ndi timadzi m'kati, ena ali ndi kamzere ka penti. Nkhope inamutentha. Iye, mkulu wa mpingo ku Woodlands, bwana wa ofesi ku Longacres, munthu amene Chipani chinkamukhazika mpando wakutsogolo, bambo ake n'kukhala chidakwa chobisala! Abusa akanamva, mwambo wa tchalitchi ukanathera pomwepo, mdalayo n'kuikidwa mwakachetechete. Kale lomwe Amos ankachita manyazi kuti bambo ake ankayenda m'tauni ndi chitoliro kukhwapa, kuphunzitsa ana a eni. Amos akabwera kudzawaona, ankapereka moni galimoto ikulira.

Pa dzenje la zinyalala anatola mwala n'kuyamba kuphwanya, limodzilimodzi, thukuta likutsikira mu kolala.

"Odi kuno. Ndimwe Ba Amos?"

Anali mayi wamtali, chitenje chili pamwamba pa yunifolomu ya unesi.

"Ndine Peggy. Batate banu ndiye bananiphunzisa chitoliro. Banzanga bali kusogolo uko, tabwela..." Maso ake anagwera pa magalasi oswekawo.

Amos anaimirira, n'kutsitsa mawu. "Mwaona kale, mayi. Chonde zithere pano. Mdala anali ndi chofooka chake, ankamwa mobisa. Ndikungoteteza dzina lawo."

"Kumwa? Ba Killian?"

Peggy anagwada, n'kutola chidutswa chokhala ndi kamzere kofiira. Anachitembenuza pang'onopang'ono.

"Iyi yenze yanga," anatero. "Bamudala sibenze kukupasa chitoliro so chabe, iyayi. Poyamba botolo. Uzapemelela pakamwa pake mpaka ilile bwino, olo upite mwezi. Manzi benze kuikamo kufika pa mzele, aliyense na liu yake. Tikankhala pamozi, nyimbo yamveka. Mabotolo ya zakumwa zozizila siyenze kupezeka, mu shopu bafuna ubweze, ndiye benze kupempha ku bala. Banthu kubaseka, beve kuseka nabo. Mowa sibanaulawepo."

"Nanga mwadzera..."

"Tenze kufuna tibaimbile kumanda. Na mabotolo yathu, monga mwamene tinayambila."

Amos anayang'ana mwala uli m'dzanja lake. Anautaya, koma manyazi sanatayike nawo. Anthu a ku bala ankangowaseka bambo ake. Wowatchula chidakwa, mtembo usanalowe n'komwe m'manda, anali mwana wawo weniweni, ndipo anachita kunong'oneza ngati akuwachitira chifundo. Analakalaka mayiyo akanamulalatira, koma Peggy ankangotola zidutswa za penti n'kumaziika pambali.

"Ndigula ena," Amos anatero. "Pompano, galimoto ilipo."

"Muzagula. Manje mizele azaika ndani? Benze kupima na khutu yao."

Kutsogolo nyimbo inatha, ina n'kuyamba. M'thumba munatsala botolo limodzi. Amos analitulutsa, n'kulipukuta ndi mpango wake wa m'thumba la jekete.

"Imwe sibanakuphunziseni?" anafunsa Peggy.

"Anayesa. Ndinakana. Ndinkati ndi zamasewera." Anayang'ana botololo. "Ankachita bwanji?"

"Ikani pansi pa mulomo. Osati kuuzila mukati, mphepo ipite pamwamba."

Amos anayesa. Kunangomveka mpweya, fuu, ngati tayala lophulika. Anayang'ana uku ndi uku, bambo wamkulu wa tayi ataima pa dzala ndi botolo la mowa kukamwa. Anafuna kulitsitsa.

Peggy anatembenuka, n'kuyang'ana kukhoma.

Mtima wa Amos unagwa. "Mwanyansidwa nane, mayi. Sindikukudzudzulani."

"Iyayi," anayankha osacheuka. "Ndiye mwamene benze kuchitila. Munthu akalephela, benze kumupasa musana kuti asamvele nsoni. Benze kumvela chabe. Yesani futi."

Anaima choncho, manja kumbuyo, mutu atapendeketsa pang'ono, kudikira. Amos anapukuta maso ndi mkono wa jekete, n'kubwezera botolo pamlomo.