Lamba Sadutsa pa Foni

Foni inalira Chiphwanya ali pakati pa mutu wa kasitomala, chipeso kukamwa, zala zitauma kale ndi kuluka. Pa sikirini: Mayi. Three weeks chichokereni Chiphwanya kunyumba, ngakhale ka "uli bwanji" osatumiza, lero ndiye akuimba.

Dzina la Chiphwanyali anamupatsa ndi bambo ake ali ndi zaka sikisi, ataswa kapu. Imodzi yokha. Kuyambira pamenepo chilichonse chowonongeka chinali chake. Achimwene akataya rimoti, Chiphwanya. Mpopi ukadontha, Chiphwanya. Bambo ankaimika ana onse atatu pa layini ngati akufufuzadi, koma lamba ankaudziwa kale msana wake. Mayi chapambali: "Vomera basi, m'nyumba mukhale bata."

Anayankha foni ataipana ndi phewa.

"Mwanawe," mayi ananong'ona, "ayironi yawotcha shati ya bambo ako. Yoyera ija, yakuntchito."

"Ndiye?"

"Ndi mng'ono wako, anaiwala. Wadzitsekera kubafa, akungonjenjemera. Ine ndawauza kuti unaigwetsa iwe usanachoke, n'chifukwa chake ikutentha mopyola. Akufuna amve pakamwa pako."

"Mayi, serious? Ndili ku saluni kuno, koma ndikuwotchabe mashati kwanuko?"

"Iwe unazolowera. Uyu ngwamng'ono, sangapirire."

Unazolowera. Mng'ono wakeyo ali ndi zaka naini. Pa layini ya bambo ija patsala ana awiri, ndipo achimwene sakhudzidwa, ndi diso la bambo. Lamba akusaka msana watsopano basi.

"Asisi," anatero kasitomala, "mutu wanga mwausiya hafu ngati nyumba yopanda denga."

"Sore, two minutes." Anapumira m'mwamba. "Mayi, ikani pa laudi."

Kunamveka mpando ukukokedwa, kenako mawu aja, omwe aja.

"Ndiwe?"

"Ndine, bambo. Ndinaigwetsa."

Zinayambika. Chitsiru, tsoka la m'nyumba, ngakhale utachoka fungo lako likuwonongabe katundu. Chiphwanya anaika foniyo pa shelefu, pakati pa jelo ndi zipeso, n'kupitiriza kuluka. Mawu amene kale ankamukodzetsa m'kabudula pano amangolira ngati ntchentche m'botolo.

Madamu eni saluni anazimitsa dilaya ya tsitsi. "Ndani ameneyo?"

"Bambo anga."

"Wawalakwira chani?"

"Shati."

"Shati yake ndi yagolide?"

Kasitomala anaseka. Chiphwanya ayi, mphamvu zosekera analibe.

Foni itaduka, panalowa meseji pa nambala ya mayi, koma kalembedwe ka mwana: asisi bambo sanandimenye thx

Anayankha ndi chala chimodzi: chilichonse chikasweka uziti ndi ine. lamba sadutsa pa foni. dilita meseji iyi

Atatumiza anayamba kuwerenga mumtima zinthu zomwe anagwirapo asanachoke. Ayironi yapita. Kwatsala ketulo, fani, chitseko cha firiji, mwina TV. Zimenezo zimugulira mwanayo miyezi ingapo. Koma tsiku lina bambo adzagula chinthu chatsopano, choti iye sanachionepo n'komwe, ndipo chidzasweka.

Anasuzumira kachipinda kakuseri komwe madamu anamulola kugona. Matiresi ake ndi aang'ono, shuwa, koma anthu awiri atagona cham'mbali atha kukwana.

"Madamu," anatero, maso ali pa tsitsi, "tikamaliza apa ndili nanu mawu."

Kenako kwa kasitomala: "Weramani pang'ono, asisi."