Tsiku Limene a Feston Anaimitsa Helikopita M'malere

A Feston anayendetsa minibasi ya ku Bangwe mpaka m'mawa wina pamene dzanja lawo lamanzere linakana kusintha giya. Kuchipatala anati ndi sitiroko. Anatuluka akukoka mwendo, zala zitapindika. Adokotala anauza mkazi wawo, Constance, kuti zalazo zizigwira kantchito tsiku ndi tsiku, apo ayi ziuma.

Constance anali ndi mchimwene wake wamng'ono, Raymond, amene kale anali kondakitala wa a Feston. Masiku amenewo a Feston ankamutukwana pamaso pa anthu okwera, kumutcha mbuzi, ndipo tsiku lina anamutsitsa pamsewu mvula ili pakati. Tsopano Raymond ankajambula mavidiyo a maukwati, zake zikuyenda, mpaka anagula kahelikopita koulutsa ndi rimoti, kotalika ngati mkono wa munthu.

Iyeyu ndi amene anabwera ndi laputopu yakale ndi rimoti ya timitengo tiwiri.

"Alamu, mankhwala a zala zanu ndi awa," anatero Raymond. "Muli pulogalamu yoyeserera. Helikopita ya m'kompyuta ikagwa simulira, mungodina apa, idzukanso. Mukadzatha kuiimitsa m'malere malo amodzi osasuntha, ndidzakupatsani yeniyeni muulutse."

"Ukunena zoona iwe?"

"Ine ndinakunamizaniponi, alamu?"

A Feston anayamba. Kamtengo ka kumanja kanali kopendeketsera helikopita, ndipo dzanja labwino linakazolowera msanga. Vuto linali ka kumanzere, kokweza, kutsitsa ndi kuwongola mchira. Chala chodwala chinkangokankha mopitirira, helikopita n'kulumpha, kuzungulira, n'kudzimenyetsa pansi. Ankadina batani, kuyambiranso. Magetsi akazima ankapitiriza kusuntha timitengoto pakhonde, maso ali pa khoma.

Patapita miyezi anazindikira chinsinsi chake. Helikopita siima yokha, nthawi zonse imafuna kuthawa, ndipo umaibweza isanathawe, pang'onopang'ono. Anauza Constance kuti n'chimodzimodzi kugwira minibasi yodzaza pa kilatchi pachitunda. Chala chija chinayamba kumva. Tsiku lina anamanga okha mabatani a shati, ndipo Constance anakalirira kuseri kwa nyumba.

Raymond atabwera kudzaona, helikopita ya m'kompyuta inadzuka, inagwedera pang'ono, kenako inaima. Raymond anayang'ana nthawi yaitali osaseka.

"Lamulungu masana, pagalaundi ya sukulu," anatero.

A Feston anavala jekete la kutchalitchi. Pagalaundi anapeza anthu ambiri kuposa amene ankayembekezera: makondakitala anzake a Raymond, amayi ogulitsa mandasi, ana osawerengeka. Mnzake wa Raymond, Steve, anali ataimika kamera. Raymond anaika helikopita pakati pa bwalo, anapatsa a Feston rimoti ikuyaka nyale yobiriwira.

"Ine ndikhala kumbuyoku kuti ndisakusokonezeni. Maso pa ndege, alamu, osacheuka."

A Feston anakankha kamtengo. Mapiko anazungulira, fumbi linabuka, helikopita inadzuka mpaka kufika msinkhu wa munthu, n'kuima. Inaima bwino kuposa ya m'kompyuta. Kumbuyo anthu anayamba kuseka, ndipo iwo anayesa kuseka kwa chimwemwe. Thukuta linkatsika m'khosi, zala zikugwira ntchito, kubweza uku, kubweza uku.

"Mayi a Alinane!" anafuula osachotsa maso. "Mukuona? Dzanja lomwe lija! Mukuona?"

Constance anayang'ana kumbali. Misozi inawatseka maso a Feston, anafuna kuipukuta ndi phewa, ndipo rimoti inapulumuka m'dzanja lodwala, n'kugwa chafufumimba pafumbi.

Anatseka maso kudikira phokoso la kuphwanyika. Silinamveke. Atatsegula, helikopita inali pompaja, chiimire, osagwedera n'komwe. Kenako inatembenuka pang'onopang'ono mpaka mphuno yake inaloza iwo, inawerama ngati mwana wopereka moni, n'kuyamba kuwazungulira.

Anacheuka. Raymond anali atatsamira galimoto ya Steve, rimoti ina ili m'manja. Anthu onse ankamuona kuyambira pachiyambi.

"Limbe! Limbe!" anakuwa Raymond ndi mawu aukondakitala. "Wotsala mmodzi, adalaivala akudikira!"

Bwalo lonse linaphulika. Ena anagwa pansi atagwira m'mimba. Steve anayandikitsa kamera kumaso kwa a Feston, misozi ija isanaume.

A Feston anatola rimoti yawo, anaipukuta ndi jekete, anakoka mwendo mpaka pagalimoto.

"Raymond," anatero motsitsa mawu, "waseka, zakwana. Tsopano ndipatse yeniyeniyo ndiyese kamodzi. Ndikhoza."

"Mwina mukhozadi," anayankha Raymond, akutsitsa helikopita bwinobwino. "Koma ine ndi mbuzi, alamu. Mbuzi sidziwa kubwereketsa." Anatambasula dzanja kulanda rimoti ija. "Laputopu nditumiza munthu adzatenge madzulo ano."

Pobwerera, Constance ankayenda patsogolo pang'ono. Atapitirira pamsika ndi pamene a Feston anafunsa.

"Munkadziwa?"

"Anandiuza dzulo," anatero Constance, maso ali pansi. "Anati akuopa mungavulaze ana. Anati simudzadziwa, mudzangosangalala. Zoti adzaitana anthu sanandiuze, bambo a Alinane."

"Ndiye inunso munkaona kuti sindingathe."

Constance anakonza chitenje chake, n'kupitiriza kuyenda.

Vidiyoyo inayenda m'mafoni Bangwe yense, inafika ku Ndirande ndi ku Machinjiri, wina ataikamo nyimbo. Pasiteji, anyamata oitanira minibasi ankati akawaona, onse ankachita saluti: "Akaputeni afika!" A Feston analeka kupita kusiteji, kenako kutchalitchi. Constance anawagulira kampira kofinya, koma kanangokhala pawindo. Dzinja lisanathe zala zinali zitapindikanso, kuposa poyamba.

Kwa Raymond vidiyo ija inabweretsa makasitomala ambiri. Chaka chotsatira mwana wa a Feston, Alinane, anachita chinkhoswe, ndipo amalume ake anadzipereka kujambula mwaulere. Palibe amene akanakana. Nthawi ya zithunzi za banja itakwana, Raymond anandandalika anthu pakhonde, anayang'ana m'kamera, n'kudzutsa mutu.

"Alamu, dzanjalo tabisani kumbuyo, likuipitsa chithunzi."

A Feston analigwira ndi dzanja lamanja, analikokera kumbuyo, ndipo kamera inathwanima.