Madzi Ophikira Boma

Damu la kumunsi kwa Mkaika analikumba a boma m'zaka za Chitaganya, ati kuti ng'ombe zizimwa. Chitsime chakale chitauma, anthu nawonso anayamba kumwa pomwepo. Ng'ombe ikodze cha uko, mayi atunge cha kuno. Amuna a Olipa anamwa madziwo mpaka kamwazi anawagwira, ndipo dzinja lisanathe anali atagona kumanda. Anamusiya Olipa ndi kamtsikana kamodzi, Veronica.

Chilimwe chotsatira kunabwera bambo wa zaumoyo wochokera ku Katete, a Aroni, pa njinga. Anati boma likukumba zitsime za simenti, koma zochepa, m'midzi yokhayo imene madzi ake apezeke oipa. Ankafuna munthu wodzipereka, wopanda malipiro, woti mwezi uliwonse azitunga madzi a m'damu m'botolo n'kupita nalo ku Katete kuti akawayeze.

Mawu asanathe, a Kalisto anali ataimirira kale. Amenewo anali atsibweni ake a Olipa, alongo a malemu mayi ake. Anakhalapo khukhi wa mzungu ku Halale, ndipo zimene anabwerako nazo ndi jekete loyera lothetheka m'khosi ndi mphuno yoloza kumwamba. Munthu woti asanayankhule amayamba wakhosomola, kuti mudziwe kuti kukubwera nzeru. Mudikire nzeruyo mpaka mudzatopa.

Miyezi inapita, yankho lili limodzimodzi: madzi anu ndi abwino. A Kalisto ankabwera nalo akumwetulira ngati madziwo anabala ndi iwo. Olipa akasuzumira mumtsuko mwake ankaona ndere ndi timbululu, fungo la ndowe lili guu. Abwino pati? Mudzi wa kutsidya unalandira chitsime. Kenako Veronica anayamba kutsegula m'mimba, ndi magazi omwe aja a bambo ake.

Mwana akadwala, atsibweni ayenera kumva. Olipa analawira kwa a Kalisto kukawauza. Anapeza akazi awo, a Esnart, atagwada kuseri kwa nyumba. Mphika uli pamoto, madzi akubwata. Ena ozizira kale ankawasefa pa kansalu, n'kumathira m'botolo la boma lija. Eni botolo ali pampando, akuloza ndi chala.

"Atsibweni, n'chiyani ichi?"

A Kalisto anakhosomola. "Ntchito ya boma, mwanawe. Siyako."

"Madzi a m'damu aja mumawaphika?"

"Timawakonza. Iwe mlendo akafika pakhomo pako umamupatsa matope? Botolo ili limakafika pamaso pa azungu. Ukufuna aziti anthu a kuno amamwa ngati nkhumba? Ine azungu ndimawadziwa. Tambula ikakhala ndi kachitsotso kamodzi, ntchito yatha."

"Nanga sitimwa ngati nkhumba? Bambo a Veronica anamwa chiyani?"

"Akamwini aja anabwera ndi matenda awo kuchokera kwawo."

Olipa anawayang'ana bwinobwino. Mwamuna wamkulu, imvi mbuu, wosunga mbumba, kuphikira botolo ngati mpongozi wabwera! Olipa analavula pansi.

"Mwana akudwala. Ndinabwera kudzanena zimenezo. Koma ndaona kuti muli ndi mlendo wofunika kuposa ife."

"Olipa, pakamwa apo," anatero a Esnart ndi mawu apansi, maso ali pa kansalu.

"Inu sefani, amayi. Mungakhetse ulemu wa mudzi."

Olipa anauza amayi anzake kudamu. Onse anagwira pakamwa, ena anatukwana, koma woti apite kukanena panalibe. Uyu akuti amuna anga sangalole, uyo akuti ndi nkhani ya pambumba panu. Anthu olimba mtima pa mtondo pokha.

Sabata yomweyo a Aroni anabweranso, kudzatsanzika. Okumba zitsime anali pafupi kusamukira ku Sinda, ndipo mudzi umene sunalowe m'gulu tsopano sudzalowanso. Anthu anawakhazika pa mpando pansi pa mtengo wa mango, a Kalisto ali pambali mu jekete lawo.

Olipa anatsikira kudamu, natunga pomwe ng'ombe zinali zitangochoka. Anabwera ndi chikho chodzaza, nagwada mwaulemu wonse umene mayi ake anamuphunzitsa, napereka ndi manja awiri.

"Mwayenda padzuwa, bambo. Imwani. Ndi madzi athu abwino aja."

A Aroni analandira, nasuzumira. Kambululu kanayenda mozungulira m'chikhomo. Nkhope yawo inasintha, ndipo Olipa anati mumtima: Aona. Munthu wa maso awiri sangalephere kuona.

"Awa ndi a m'damu?"

"Omwe timamwa. A m'botolo aja atsibweni amayamba awiritsa, n'kusefa."

A Kalisto sanakhosomole n'komwe ulendo uno. Analanda chikho m'manja mwa mlendo, nachiika pakamwa. Anamwa, kholingo likukwera ndi kutsika, ndere ikutsetsereka m'ndevu, mpaka chikho chinayang'ana kumwamba. Anapukuta pakamwa.

"Mwaona, bwana? Angokhala ndi mtundu chabe. Uyu mumukhululukire, ndi wofedwa. Mutu sunakhazikike."

A Aroni anaseka kuseka kwa munthu amene wapulumuka kumwa. "Mayi, pepani ndi maliro. Koma ife timamvera botolo. Ndiponso bambo awa akhala ndi azungu, sangamwe chinthu choipa."

"Bwerani mudzaone mwana wanga, ali m'nyumbamu. Tungani nokha botolo lina."

"Nthawi yatha, mayi. Mwanayo mubwere naye kuchipatala."

Anakwera njinga yawo. Amuna a pamudzi anawaombera m'manja, nawathokoza chifukwa chowayendera. Kuthokoza! Lole ya okumba inadutsa pamsewu waukulu masiku otsatira, zitsulo zikulira kumbuyo, osaima.

Tsiku limene loleyo inadutsa, Olipa anapita kwa atsibweni ake osapempha odi. Anatenga mphika uja, namanga mtolo wa nkhuni zawo zouma za msuku, nasenza.

"Iwe, ukupita nazo kuti?" anakuwa a Esnart.

"Kukaphikira madzi mzungu wanga. Dzina lake Veronica. Zikatha ndibweranso."

Eni nkhuni, a Kalisto, sanatuluke kudzaletsa. Olipa anakumana nawo panjira ya kuseri, akuthamangira kuthengo chowerama, dzanja lina pamimba, lina litagwira buluku. Anamuitana ndi mawu ang'ono, ati mwanawe, m'mimba mwandipotokola. Olipa sanapatuke. Njira ndi yopapatiza pamenepo, ndipo amene analowa m'minga ndi iwo.