Maluvazi Pamphuno pa Galimoto

Mayi ake a Gervazio anabwera kuchokera ku Nsanje m'mwezi wa Juni, nthawi yoipitsitsa kwa munthu wozolowera kutentha kwa kuchigwa. Sitiroko inali itawalemetsa dzanja lamanja, ndipo m'mawa uliwonse Gervazio ankawatenga kunyumba kwake ku Chigumula kupita nawo kuchipatala ku Ginnery Corner kukachita mafizo.

Vuto linali galimoto. Inali yakale, ya dizilo, ndipo m'chiperoni injini yake sinkafunda ngakhale pang'ono. Hita inkangopemerera mphepo yozizira, galasi lakutsogolo n'kuchita nthunzi. Mayiwo ankafika kuchipatala zala zitauma gwa, moti powawongola ankamva ululu woposa.

"Iwe Gervazio, unanditenga kuti ndidzachire kapena udzandisunge mufiriji ngati nsomba?" anatero tsiku lina. "Loweruka ndikwera basi. Dzanjali likalumale kwathu kofunda."

Gervazio ankawadziwa mayi ake. Akanena za basi, ndiye kuti mpando ausankha kale. Adokotala nawo anali atachenjeza kuti mafizo akalekezedwa panjira, dzanjalo silidzagwiranso.

Anapita ndi galimotoyo ku Limbe kwa a Waziri, makaniko amene ankamudalira. A Waziri anamasula paipi ya rediyeta, nasuzumira, n'kuseka.

"Achimwene, themositati ili kuti? Kachitsulo kamene kamatsekereza madzi mpaka injini itafunda?"

"Amakaniko ena anaichotsa galimoto itangofika. Ankati kuno n'kotentha, kamangowiritsa injini."

"Tonse timachotsa. Inenso ndachotsa tambirimbiri ndi manja angawa. Timaiwala kuti kuli Juni."

Anazungulira mashopu a ku Limbe, koma ya mtundu umenewo sinapezeke. Kuitanitsa kunja kukanatenga masabata. A Waziri anamuuza kuti achite ngati oyendetsa malole: amange katoni kutsogolo kwa rediyeta kuti mphepo isalowe.

M'mawa mwake katoniyo inathandiza, poti ulendo wopita ndi wotsetsereka. Koma pobwerera masana dzuwa linatuluka, ndipo pokwera mtunda wa ku Chichiri, mumdipiti wa magalimoto, kamuvi koonetsa kutentha kanafika pofiira. Nthunzi inatuluka muboneti. Gervazio anatsika n'kuyamba kulimbana ndi katoniyo pakati pa msewu.

"Bigi, mukuphika tiyi?" anakuwa kondakitala wa minibasi. "Tibweretse makapu?"

Mayi ake atafika kunyumba anayamba kupinda zitenje zawo.

Madzulo a tsikulo Gervazio anakhala pakhonde, akuyang'ana galimotoyo. Kumbuyo kwake anamva kulira kwa zenera. Mayi ake ankatseka maluvazi a pabalaza ndi dzanja lamanzere: kukankha kachogwirira kamodzi kokha, magalasi onse n'kugona pamodzi. Gervazio anayang'anitsitsa kwa kanthawi. Kenako anadzuka, natenga sikuludiraiva, n'kulunjika kubafa.

"Zenera lakubafa?" anadabwa mkazi wake, Zione. "Alandilodi akabwera mudzawayankha nokha. Ndipo ine sindisamba anthu akundiona."

"Tikhomapo thumba, Zione. Kwa masiku ochepa chabe."

Lachisanu lonse anali kwa a Waziri. Anachotsa magalasi, nadula felemu kuti ifanane ndi rediyeta. M'malo mwa magalasiwo anadula timalata, n'kupinda m'mphepete mwake kuti tisamanjenjemere. Kukachogwirira anamangako waya wa buleki ya njinga, naudutsa pabowo la pansi pa dashibodi mpaka pakati pa mipando. Kumapeto kwake anaikako kandodo kokodwa m'mano a chitsulo, kuti munthu azitha kutseka konse, pang'ono, kapena kutsegula kotheratu.

Atamangirira zeneralo kutsogolo kwa rediyeta n'kuyesa mumsewu, mphepo inakankha timalatato n'kutitseka tokha. A Waziri anapukusa mutu, nafufuza m'chidebe cha zitsulo, n'kutulutsa sipuling'i ya sitandi ya njinga.

"Iyi izikokera kotsegula. Waya akadzaduka, zenera lanuli lidzatseguke lokha. Bola amayi azizidwe kusiyana n'kuti injini ipse."

Loweruka kunacha ndi nkhungu yolemera. Mayiwo anali atakhala kale pamtolo wawo. Gervazio sanawanyengerere. Ananyamula mtolowo, nawatsegulira chitseko, nakokera kandodo kumbuyo kuti timalata titsekeke, n'kuliza injini.

Asanafike pamsewu wa ku Thyolo, kamuvi kanayamba kukwera. Nthunzi ya pagalasi inasungunuka kuyambira pansi. Mayiwo anasuntha mapazi, nayang'ana pansi mokayika.

"Wabisa mbaula m'munomu?"

"Ayi, amayi. Koma mundithandize, ine maso ali pamsewu. Kamuvi ako kakapitirira pakati, mukankhe kandodoka dzino limodzi."

Kandodoko kanali kudzanja lawo lamanja. Anayesa kupitsako lamanzere, koma bulangeti ndi lamba zinawapinga. Kamuvi kanapitirira pakati. Pang'onopang'ono dzanja lodwalalo linatuluka m'bulangeti. Zala zofundazo zinagwira kandodo, zinaterereka, zinagwiranso. Panamveka khe! Patapita kanthawi, kamuvi kanabwerera pamalo pake.

Gervazio anangoyang'ana kutsogolo, atagwiritsitsa chiwongolero.

Padepoti ya ku Limbe anaimitsa galimoto. Oitanira anathamangira pazenera. "Nsanje, amayi! Nchalo, Bangula! Watsala mmodzi!"

Mayiwo anawayang'ana, nayang'ananso nkhungu imene inakuta msika. Dzanja lawo linali likadali pakandodo.

"Waimiranji? Ukaima kamuvi kanga kamakwera. Tiye, tikawaonetse a Waziri akowo. Ndipo Lolemba usagoneretse, anamwino sakonda ochedwa."

Gervazio analowetsa giya. Potuluka padepotipo, mayi ake anakankhanso kandodo dzino limodzi, osauzidwa.