Mzere Umene Ahedi Anakhwatcha

Ahedi a Grain anali munthu wosatsutsika. Phiri la Zomba anakwerako kamodzi kokha, mwezi wa Juni, n'kubwerako ndi chimfine, koma kuyambira tsikulo nkhani zonse za kumwamba anazisandutsa munda wawo. Ndiye chaka chimene wailesi inalengeza kuti anthu aponda pamwezi, buku la sayansi litafika pasukulu yawo kufupi ndi Kachulu, iwo anapezamo bodza. Bukulo linkati kutali kumwamba, kupitirira mitambo ndi mouluka ndege, kuli chigawo cha mpweya chotchedwa themosifiya, chotentha kuposa uvuni wa njerwa. Ahedi anakhwatcha mzerewo ndi inki yofiira.

"Kunyanja kuno n'kotentha, kuphiri n'kozizira," anatero mu ofesi. "Ukamakwera kumazizira. Osindikiza anali ataledzera."

Edina, mphunzitsi wogwirizira wa Sitandade 8, anati, "Koma abwana, chifukwa chake achifotokoza patsamba lotsatira."

Apo ndiye anaputa mavu. Masiku amenewo wamng'ono sankawongola wamkulu, makamaka wamkulu amene analinso tcheyamani wa chipani m'deralo. Komatu Edina ankafuna chinthu chimodzi chokha pa dziko lapansi: malo kukoleji ya aphunzitsi. Kalata yake yopemphera malowo inkadikira siginecha ya insipekitala, amene ankabwera kamodzi pachaka. Ikapanda kusainidwa, basi, kunali kubwerera kukayanika matemba padoko.

Insipekitala, a Hamisi, anafika pa njinga yamoto fumbi lili mbuu, nakakhala kumbuyo kwa kalasi ndi kope lawo. Edina anaphunzitsa masamu bwinobwino. Akuti azimaliza, ahedi anadzuka, akumwetulira ngati ampatsa mphatso.

"Bwana, mtsikanayu amati kumwamba n'kotentha kuposa moto. Atiuze ana amve."

Edina anauona msamphawo. Akavomereza za ahedi, aoneka mbuli pamaso pa insipekitala. Akatsutsa, aoneka wopanda mwambo. Anachita mantha zedi. Koma anaika choko pansi n'kutembenukira ana.

"Masana, mukamalowa m'nyanja kupita kubwato, madzi a m'mapazi amakhala otani?"

"Otentha ngati tiyi!" kalasi inayankha.

"Nanga pakuya, pamene mponda woyendetsera bwato umamira wonse?"

"Ozizira!"

"Dzuwa ndi lomwelo. Bwanji nanga?"

Mtsikana wina kutsogolo anati, "Poti m'mphepete madzi ndi ochepa, madamu."

"Eya. Chochepa sichichedwa kutentha. Kumwamba kuja mpweya ndi wochepetsetsa, ndiye ndi umene umayamba kukumana ndi dzuwa. Kuwala kwake koopsa kwambiri, kumene kukanatisupula khungu, kumathera mumpweya umenewo kusanafike kuno. Mpweya wochepa, dzuwa laukali: kachidutswa kalikonse kamatentha koopsa. Za kuphiri ahedi akunena zoona. Mpweya wapansi pano umafunda ndi nthaka, ndiye ukamakwera kumazizira. Koma phiri la Zomba ndi chiunda chabe poyerekeza ndi kumene tikunenaku."

Ahedi sanagonje. Munthu wamakani amafa ataimirira.

"Chabwino. Nanga azungu anapita kumwezi aja anadutsa pati? Bwanji sanabwere atawauka ngati milamba?"

Ana anafa nacho chiseko. Ngakhale a Hamisi anakweza mutu. Edina anadikira chisekocho chithe, ndipo pamenepo mantha anali atamuchoka.

"Ndani anawambapo nsomba?"

Manja onse m'mwamba.

"Mbaliwali ya moto ikakugwera pamkono, umatani?"

"Umangosasa!"

"Nanga madzi owira akakutayikira?"

"Matuza, madamu!"

"Komatu mbaliwali ndi yotentha kuposa madzi owira. Ndi moto weniweni. Kungoti ndi kakang'ono, kalibe mphamvu yokuwotcha. Kumwamba kuja tizidutswa ta mpweya n'totentha, inde, koma tili patalipatali, moti tokukhudza n'towerengeka. Munthu atabisika ku dzuwa kumeneko akhoza kunjenjemera ndi chisanu."

A Hamisi ankalemba, kulemba, osayang'ana munthu. Edina anaganiza kuti zake zada. Kenako bamboyo anatseka cholembera.

"Mayi, tabwerezani za madzi a m'mphepete zija, pang'onopang'ono. Mawa ndili ku Likangala, ndikufuna aphunzitsi akumeneko akazimve. Ineyo tsamba limenelo ndinaliwerenga katatu, koma ndalimvetsa lero."

Ahedi anakhosomola. "Ndimangomuyesa dala, bwana. Ameneyu ndamuphunzitsa ndine."

Palibe anawatsutsa. Ahedi satsutsidwa.

Kalata ija a Hamisi anasainira panja, pa chishalo cha njinga yawo, n'kuwonjezera mizere iwiri pansi pake. Edina anagwada, nailandira ndi manja awiri. Anatsanzika mwaulemu, nayenda pang'onopang'ono monga amayendera mphunzitsi, kudutsa bwalo la mpira, kudutsa nyumba ya ahedi. Chimwemwe chinali chitamufika pakhosi. Atangokhota pa mtengo wa mango pamene sukulu sionekanso, anavula nsapato, nakweza kalata m'mwamba, n'kuliyatsa liwiro pa mzere wa m'minda ya mpunga. Nthungululu imene anaimba inadzidzimutsa amayi amene ankapuntha mpunga, mpaka mmodzi anaponya ndodo.

"Kwagwanji, Edina?"

"Ndikupita kukoleji, amayi! Ndikupita!"